Edwin Armstrong, munthu amene anakana kuzolowera phokoso



Amene munabwera Loweruka lapitali mukukumbukira zomwe zinachitika. Ampulifaya ya mavalavu ija, imene anzathu a gulu la zamagetsi akhala akulumikiza kwa miyezi iwiri, tinaiyatsa koyamba. Mavalavu anayaka bwinobwino, psuu ngati makala, tonse m'manja. Kenako sipika inayamba yake: mmmmm, ngati njuchi zalowa m'chitini. Nyimbo imamveka ndithu, koma pansi pake panali kung'ung'udza kosatha. Wina anati vuto ndi thiransifoma, wina anati ayi ndi mawaya, wina n'kunena kuti zinthu zamakedzanazi zimalira choncho, tingozolowera basi.

Mawu omalizawa ndi amene atichititsa kusankha munthu wa mwezi uno. Nayenso anauzidwa ndi akatswiri a nthawi yake kuti phokoso la mu wailesi ndi longozolowera. Iye anakana. Dzina lake ndi Edwin Howard Armstrong wa ku America, ndipo ukatsegula wailesi ya FM pa foni kapena mu minibasi, ukugwiritsa ntchito nzeru zake.

Mnyamata wa m'chipinda cha kudenga

Armstrong anabadwa pa 18 Disembala 1890 mu mzinda wa New York. Bambo ake ankagwira ntchito ku kampani yosindikiza mabuku ya Oxford University Press, mayi ake anali mphunzitsi asanakwatiwe. Ali ndi zaka pafupifupi 8 anadwala matenda otchedwa St. Vitus' dance, amene amachititsa ziwalo kugwedezeka zokha. Anakhala pakhomo zaka ziwiri osapita kusukulu, ndipo ngakhale anachira, kugwedezeka kwa khosi ndi phewa sikunamusiye mpaka imfa.

Banjali linasamukira ku Yonkers, m'mbali mwa mtsinje wa Hudson. Kumeneko mnyamatayu anawerenga za Guglielmo Marconi, amene ankatumiza mauthenga popanda waya, ndipo mutu unaima. Chipinda cha kudenga kwa nyumba yawo chinasanduka shopu: makoyilo okulunga yekha, mabatire, mawaya paliponse. Kuseri kwa nyumba anaimika mlongoti wotalika mamita oposa 30, ndipo ankakwera yekha kukakonza, anthu oyandikana nawo mitima ili m'mwamba. Mu 1909 analowa pa Columbia University kukaphunzira za magetsi, akuyenda pa njinga yamoto yofiira. Mwachidule, anali ngati ena a inu: wosamva za kutalika, wosagona, wokonda kumasula zinthu.

Kulira kumene ena ankathawa

Nthawi imeneyo valavu inali chinthu chatsopano. Lee de Forest anali atapanga valavu ya zigawo zitatu yotchedwa Audion mu 1906. Mkati mwa galasi munali kawaya kotentha kotulutsa ma elekitironi, kambale kowalandira, ndi kasefa pakati kotchedwa grid. Inkagwira ntchito, koma mofooka, ndipo ngakhale mwini wakeyo sankatha kufotokoza molondola chimene chinkachitika mkatimo.

Armstrong sanakhutire ndi kungoti ikugwira. Anaiyeza, n'kuiyezanso, mpaka anaona kuti magetsi otuluka ku kambale kaja amagwedezeka motsatira mafunde amene alowa. Ndiye anadzifunsa kuti, nanga titatenga pang'ono za kotulukira n'kuzibwezera kolowera, kuti valavu izikulitsenso? Chakumapeto kwa 1912, akadali mwana wasukulu, anayesa. Mauthenga amene kale ankamveka movutikira anaphulika m'makutu, moti anakadzutsa mlongo wake usiku kuti adzamve. Posakhalitsa ankamva masiteshoni a kutsidya kwa nyanja ya Atlantic ali m'chipinda chake chomwecho. Njira imeneyi ndi imene timaitcha feedback.

Apa pali mfundo imene ikutikhudza ife omanga ma ampulifaya. Ukabwezera zochuluka, valavu imayamba kulira yokha, kwiiii, ngati maikolofoni ikayandikira sipika pa ukwati. Ambiri akamva kulira kumeneku ankangoti makina aonongeka, n'kufunafuna njira yokuthetsa. Armstrong anafunsa kuti kukuchokera kuti. Anapeza kuti pamenepo valavu yasiya kungolandira mafunde, yayamba kupanga mafunde akeake. Kutanthauza kuti kagalasi komweko kangathe kukhala makina oulutsira mawu. Chimene ena ankachiona ngati vuto chinasanduka maziko a kuulutsa mawu ndi nyimbo.

Bambo ake anakana kumupatsa $150 yolembetsera patenti, chiphaso cha umwini wa luso, poopa kuti mwana asiya sukulu. Amalume ake anamulangiza kuti apite ndi chojambula chake kwa loya akachidinde, ndipo anatero mu Januwale 1913. Anamaliza maphunziro chaka chomwecho, ndipo patenti inatuluka mu Okutobala 1914. Kumayambiriro kwa 1914 anaonetsa makinawo kwa mnyamata wina wa ku kampani ya Marconi, David Sarnoff. Awiriwa anachezera usiku wonse m'kanyumba kozizira ku Belmar, New Jersey, akumvetsera mauthenga akutali, ndipo anakhala mabwenzi. Dzina limeneli mulisunge.

Nkhondo, ndalama ndi ukwati

America italowa nkhondo yoyamba ya dziko lonse mu 1917, Armstrong anapita ku France ngati msilikali wa zamauthenga, ndipo anakwera mpaka pa udindo wa meja. Ku Paris anakumana ndi vuto lina: mavalavu a nthawiyo sankatha kukulitsa mafunde othamanga kwambiri. Yankho lake linali loti asakanize funde lobweralo ndi funde lina lopangidwa mkati mwa wailesi, kuti patuluke funde lachitatu lodekha, losavuta kukulitsa. Njira imeneyi ndi superheterodyne, ndipo mawailesi ambiri amene anapangidwa kuchokera nthawi imeneyo amaitsatira. Tinene chilungamo: injiniya wa ku France, Lucien Lévy, anali ndi patenti ya nzeru yofanana, ndipo pambuyo pake khoti la ku America linamukomera pa mfundo zambiri.

Atabwerako ndalama zinayamba kulowa. Mu 1920 Westinghouse inagula mapatenti ake pa $335,000. Mu 1922 RCA, kumene Sarnoff anali atakhala bwana wamkulu, inagula luso lake lina pa $200,000 ndi masheya 60,000. Muofesi ya Sarnoff ndi mmene anakumana ndi mlembi wake, Marion MacInnis. Mu 1923 anakwera pamwamba pa nsanja ya wailesi ya RCA pa Aeolian Hall, pakati pa New York, n'kujambulitsa ali chiimire pansonga penipeni. Sarnoff anapsa mtima n'kumuletsa kufikanso pamalopo. Marion yekha sanathawe. Anakwatirana mu Disembala chaka chomwecho, ndipo mphatso ya mkwati inali wailesi yonyamula m'manja, yaikulu ngati sutikesi, imene anapita nayo kunyanja ku Florida.

Mlandu wa kulira kuja

Chuma sichinamupatse mtendere. De Forest ankanena kuti feedback anayamba ndi iye. Umboni wake unali buku la mu shopu yake la Ogasiti 1912, mmene munalembedwa kuti ampulifaya imene ankayesa inalira. Inalira inde, koma Armstrong ankati kumva kulira ndi kumvetsa kulira ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mlandu unayenda zaka zambiri, wina kupambana kuno, wina uko, mpaka khoti lalikulu la America linagamula mokomera De Forest mu 1928 ndiponso mu 1934.

Mainjiniya ambiri anaona kuti oweruza sanamvetse sayansi yake. Bungwe lawo la Institute of Radio Engineers linali litapatsa Armstrong mendulo yaulemu mu 1917 chifukwa cha luso lomweli. Mu 1934 iye anapita ku msonkhano wawo kuti akaibweze. Iwo anakana kuilandira, ndipo anaimirira n'kumuombera m'manja.

Anzanga, phunziro laling'ono apa: De Forest anapambana chifukwa cha buku lolembamo. Inu mukamayesa zinthu, mumalemba?

Mdani weniweni

Mkati mwa zonsezi, Armstrong anali ndi mdani wina amene ankamusowetsa tulo kuyambira ali wophunzira wa Pulofesa Michael Pupin ku Columbia. Mdaniyo ndi static. Funsani agogo anu mmene wailesi ya medium wave kapena shortwave inkachitira nthawi ya dzinja: mphezi ikang'anima kutali, wailesi imvekere thethethe, nkhani yonse osamveka. Kuwonjezera apo mavalavu eni ake ali ndi kaphokoso kawo ka sssss, kochokera ku kuyenda kwa ma elekitironi.

Chifukwa chake n'chotere. Mu AM, mawu amanyamulidwa ndi kukwera ndi kutsika kwa mphamvu ya funde. Mphezi nayo imabwera ngati kukwera kwadzidzidzi kwa mphamvu. Wailesi singasiyanitse kuti awa ndi mawu, iyi ndi mphezi. Armstrong ndi Pupin anayesa njira zosiyanasiyana kwa zaka zingapo, zonse zinakanika.

Nzeru ya akatswiri inali yoti uchepetse mpata umene wailesi ikulandirira mafunde, ngati kutseka chitseko kusiya kampata kuti fumbi lisalowe lambiri. Katswiri wa masamu wa kampani ya AT&T, John Carson, anaonetsa mu 1922 kuti FM ya mpata wopapatiza ilibe phindu, ndipo pambuyo pake analemba kuti static sidzatha. Masamu ake anali olondola pa funso limene anadzifunsa. Koma Armstrong anafunsa funso lina: nanga chitseko titachitsegula kwambiri?

Taganizirani ng'oma. Mu AM, uthenga uli m'kukula kwa kulira kwa ng'oma, mokweza kapena motsitsa. Bingu likagunda, wasokonezeka. Mu FM, woimba amamenya ndi mphamvu imodzimodzi nthawi zonse, koma uthenga uli m'liwiro, mofulumira kapena modekha. Bingu ligunde, liwiro ukulitsatirabe. Armstrong anaika mu wailesi gawo lotchedwa limiter, limene limameta kukwera konse kwa mphamvu, ndipo phokoso lambiri limametedwera pomwepo. Kenako analola funde kusintha liwiro motambasuka, 75 kHz mbali iyi ndi 75 kHz mbali inayo, mu mpata wa 200 kHz, pamene siteshoni ya AM ku America inkapatsidwa 10 kHz yokha. Mpata ukatambasuka chonchi, mawu amaposa phokoso kutalitali.

Zimenezi sizinabwere m'maloto ayi. Zinatenga zaka, m'chipinda chapansi cha Philosophy Hall ku Columbia, ndi matebulo odzaza mavalavu ambirimbiri, kusintha chimodzi, kuyeza, kulemba, kusinthanso china. Mapatenti a FM anatuluka pa 26 Disembala 1933.

Tsiku limene wailesi inakhala chete

Kuyambira mu 1934 RCA inamulola kuyesa makina ake pamwamba pa Empire State Building. Ku Haddonfield, New Jersey, mtunda wa makilomita oposa 130, FM inkamveka bwino ngakhale nthawi ya mphezi, pamene siteshoni ya AM yamphamvu kuposa apo inkamira m'phokoso. Koma mu 1935 RCA inamuuza kuti achotse katundu wake, malowo akufunika pa zoyesa za wailesi yakanema. Kampaniyo inali itaika ndalama zambiri mu AM ndi mu kanema, ndipo FM ikanafuna masiteshoni atsopano ndi mawailesi atsopano.

Mu Novembala 1935 Armstrong anaima pamaso pa mainjiniya ku New York n'kuyatsa wailesi yake. Poyamba panamveka mkokomo wa sssss, wailesi ikufunafuna siteshoni. Itaipeza, zii. Anthu anaganiza kuti makina azima. Kenako mawu a munthu anatuluka, oyera ngati ali m'chipinda momwemo, kuchokera kunyumba ya mnzake Randolph Runyon ku Yonkers. Anathira madzi m'tambula pafupi ndi maikolofoni, anthu anamva madzi. Anang'amba pepala, anthu anamva pepala, osati moto wolilima ngati mmene AM inkamveketsera. Chodabwitsa chachikulu tsiku limenelo sichinali mawu, chinali bata la pakati pa mawu.

Poona kuti makampani akuluakulu akuzengereza, anagulitsa masheya ake n'kumanga siteshoni yakeyake, W2XMN, ku Alpine, New Jersey, ndi nsanja ya mamita pafupifupi 130 imene ilipobe mpaka lero. Inayamba kuulutsa mokhazikika mu Julayi 1939. Mu 1940 boma linapatsa FM malo ake pa 42 mpaka 50 MHz. Chaka chomwecho RCA inafuna kumupatsa $1 miliyoni kamodzi n'kamodzi kuti izigwiritsa ntchito FM. Iye anakana, ponena kuti makampani ena akulipira pa wailesi iliyonse imene agulitsa, ndipo RCA isakhale yapadera. Nkhondo yachiwiri itayamba, analola asilikali a dziko lake kugwiritsa ntchito mapatenti ake kwaulere.

Mapeto owawa

Mu 1945 bungwe la boma la FCC linasamutsa FM kupita kumtunda, kumene lero timaipeza pa 88 mpaka 108 MHz. Mawailesi zikwi mazanamazana amene anthu anali atagula kale anasanduka opanda ntchito, ndipo masiteshoni anayenera kuyambiranso. RCA ndi makampani ena ankapanga zida za FM osamulipira, ponena kuti njira zawo n'zosiyana ndi zake. Mu 1948 Armstrong anasumira RCA ndi NBC. Mnzake wa usiku wa ku Belmar uja tsopano anali mbali inayo ya khoti.

Kampani ili ndi maloya ambiri ndiponso nthawi. Munthu mmodzi alibe. Zaka zisanu zinatha mlandu weniweni usanayambe n'komwe, mapatenti ake anatha mphamvu mu 1950, chuma chinapita kwa maloya, thanzi linafooka. Chakumapeto kwa 1953 anakangana koopsa ndi Marion pa nkhani ya ndalama mpaka anamumenya pamkono, chinthu chimene sitingachikometse ngakhale munthuyo tikumulemekeza. Marion anachoka kupita kwa mchemwali wake. Usiku wa pa 31 Januwale kuchezera pa 1 Febuluwale 1954, Armstrong anadzipha ku nyumba yake ku New York, atasiya kalata yopepesa kwa mkazi wake. Anali ndi zaka 63.

Marion sanasiye nkhondoyo. Anagwirizana ndi RCA pa ndalama zoposa pang'ono $1 miliyoni, n'kupitiriza milandu ndi makampani ena mmodzimmodzi. Womaliza, wa Motorola, unatha mu 1967, ndipo makhoti anavomereza kuti FM ya mpata wotambasuka inali nzeru ya mwamuna wake. Chigamulo chinabwera mwini wake atagona zaka 13.

Pano tiime kaye. Munthu amene anatha kupeza gwero la phokoso lililonse mu waya analephera kupeza womuuza za phokoso la mumtima mwake. Mutu umodzi susenza denga, amangwetu. Ngati zinthu zakuthina, kaya ndi ngongole, mayeso, chibwenzi kapena za kunyumba, usakhale wekha. Uza mnzako, kholo, mtsogoleri wa kalabu kapena a zaumoyo. Ndipo mnzako akayamba kudzipatula, mufunse, usadikire.

Tibwerere ku ampulifaya yathu

Mawailesi oyamba a Armstrong ankayendera mabatire, choncho kung'ung'udza ngati kwathuku sikunali vuto lake lalikulu. Kunafala pamene mawailesi anayamba kulumikizidwa ku magetsi a m'nyumba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Koma njira yake ndi yomweyo: usatukwane phokoso, limvetsere, ulifunse kwawo.

Phokoso lililonse lili ndi dzina. Magetsi athu amagwedezeka ka 50 pa sekondi. Kung'ung'udza kwakuya kwa 50 Hz kawirikawiri kumachokera ku mawaya a 6.3 V otenthetsa mavalavu akadutsa pafupi ndi grid, ku thiransifoma yoyandikana kwambiri ndi gawo lolowera mawu, kapena ku ground loop, pamene waya wa ground walumikizidwa ku chasisi malo angapo n'kupanga bwalo. Kulira kokwererapo kwa 100 Hz kumaloza ku gawo losandutsa AC kukhala DC, makamaka makapasita osefa akakhala ofooka kapena ochepa. Ka sssss ndi ka ma resistor ndi valavu yoyamba. Kuthetheka ndi soketi yakuda kapena polumikiza pamene mtovu sunagwire. Valavu imene ikulira ngati belu ukaigogoda pang'ono ndi kamtengo ndiye yayamba kuchita ngati maikolofoni. Ndipo kwiiii kapena phuphuphu ngati boti la injini ndi feedback yosaitanidwa, mawaya otulukira ayandikana ndi olowera kapena magawo akulankhulana kudzera mu waya wa magetsi. Ndi kulira kwa 1912 komwe kuja.

Loweruka tidzachita motere. Choyamba tidzachotsa chilichonse cholowa n'kulumikiza polowera mawu ku ground. Phokoso likatha, ndiye kuti likuchokera kunja, ku chingwe kapena ku chida chimene tinalumikiza. Likapitirira, tidzatsitsa voliyumu mpaka pansi: likatsika nayo, gwero lili kutsogolo kwa voliyumu, likakhala chimodzimodzi, lili kumbuyo kwake kapena ku magetsi. Kenako tidzazimitsa, kuchotsa valavu yoyamba, kuyatsanso n'kumvetsera, gawo ndi gawo mpaka tipeze pamene likulowera. Mawaya otenthetsa tidzawapota awiriawiri n'kuwagoneka m'mbali mwa chasisi, ndipo ma ground tidzawakumanitsa pamalo amodzi. Lamulo ndi limodzi: sintha chinthu chimodzi, mvetsera, lemba. Ukasintha zitatu nthawi imodzi phokoso n'kutha, sunaphunzire kanthu.

Chenjezo, ndipo apa sitikuseka. Mkati mwa ampulifaya ya mavalavu muli magetsi opitirira 300 V, ndipo makapasita amasunga mphamvuyo ngakhale mutazimitsa ndi kuzula pulagi. Akhoza kupha. Palibe wotsegula yekha popanda wamkulu wodziwa, palibe kugwira mkati musanatsitse mphamvu ya makapasita kudzera mu resistor n'kutsimikiza ndi mita, ndipo waya wa earth wa ku pulagi sitichotsa ngakhale wina atalumbira kuti phokoso litha. Armstrong ankakwera nsanja popanda mantha, koma pa zimenezo tisamutsanzire.

Tikumane Loweruka nthawi yathu yomwe ija. Bwerani ndi kope ndi cholembera, ndipo amene ali ndi mita abwere nayo. Mnzathu amene anati tingozolowera uja ndi amene adzagwire kope, tagwirizana kale. Amene mwawerenga mpaka pano, tiuzeni m'munsimu munthu amene mukufuna timukumbukire mwezi wamawa.